Bwerani Lolemba

Uthenga unafika pa gulu la pafoni la anthu amene tinaphunzira limodzi bayoloje, ine ndili mu minibasi yochoka ku Limbe kulowa m'tauni: a Dokotala atisiya m'mawa uno, maliro ali kunyumba kwawo ku Nyambadwe. Anthu anayamba kuthira timitanda ndi timanja topemphera. Wina analemba kuti mtengo waukulu wagwa. Wina anati tate wathu wapita. Ndinawerenga mayina a olembawo mmodzimmodzi, ndipo aliyense ndinamukumbukira ali m'khonde la dipatimenti, mapepala m'manja, akutukwana chamumtima munthu yemweyu. Ine sindinalembe kanthu. Patapita kanthawi mnzathu wina amene akuphunzitsa ku Chikwawa anafunsa kuti, "Kodi aikidwa liti? Lolemba?" Anaufufuta msanga uthengawo, koma tonse tinali titauwerenga kale.

Dzina lawo lenileni sinditchula. Ana awo alipo ndipo sanandilakwire. Ife tinkawatcha a Lolemba. Anali mkulu wa dipatimenti ya bayoloje pa koleji ina ya ku Limbe, ndipo anakhala pampandowo nthawi yaitali moti aphunzitsi ena a m'dipatimentimo anali ana awo a sukulu, ndipo ankawaopabe ngati ana. Chilichonse chimene wophunzira ankafuna kuti asunthe chinkadutsa pa desiki yawo: kalata yokapempha malo ophunzirira ntchito kuchipatala kapena kufakitale, fomu ya thandizo la sukulu, chilolezo chokatunga madzi a kafukufuku kumtsinje, kalata yokuchitira umboni ukafuna kupitiriza maphunziro. Ukagogoda, ankakweza maso pamwamba pa magalasi, n'kukuyang'ana kuyambira kunsapato, kenako n'kukuuza kuti ubwere Lolemba. Ukabwera Lolemba, ankadabwa kuti munthu wanzeru wasankhiranji tsiku lotanganidwa chotero. Ndiye ubwere Lolemba linalo.

Anali munthu wamfupi, wa suti ngakhale mu Okutobala phula likusungunuka pamsewu. M'thumba la jekete munkakhala zolembera zitatu, zonse zofiira. Galimoto yawo yakale ankaiimika pansi pa mtengo umodzi wokha wa mthunzi umene unalipo pakolejipo, ndipo ngakhale akhale patchuthi palibe amene ankayerekeza kuimikapo yake.

Ndinene chilungamo, chifukwa mwina wina angaganize kuti ndikufuna kuwapaka matope onse. A Lolemba sankadya ziphuphu. Sankavutitsa atsikana. Sankakondera abale awo, chifukwa ngakhale abale awo ankawauza za Lolemba lomwelo. Zimenezi ankazinyadira kwambiri, ndipo ankazitchula pamsonkhano uliwonse. Nthawi zina ndimaganiza kuti akanakhala wakuba zikanatipepukira, pakuti wakuba umadziwa chimene akufuna. Iwo sankafuna kanthu kathu. Chimene chinkawakomera n'kuona munthu akudikira.

Ankatitcha ambululu. Mwambi wawo, umene ankaubwereza mpaka tinauloweza kuposa mayina a mafupa, unali wakuti mbululu ikathamangira kumtunda isanamere miyendo imauma ndi dzuwa. Amene ankadziwa ngati miyendo yamera anali iwo okha. Zaka zinayi zimene ndinakhala pakolejipo sindinamve kuti pali amene yake inamera.

Chowawa n'chakuti bayoloje ankaidziwa. Akatenga choko, mtima wa munthu unkatuluka pabolodi ndi mitsempha yake yonse, osafufuta ngakhale kamzera kamodzi. Ankajambula impso ndi dzanja lamanja kwinaku lamanzere likulemba mayina. Tsiku loyamba tinatsala kukamwa yasa. Koma chaka chikamatha unkazindikira kuti zojambulazo sizinali njira yotifikitsa kwina. Zinali zoti tiziombera m'manja. Maselo a anyezi tinawakopera pabolodi, anyezi weniweni ali mulu pamsika wa Limbe, mamaikulosikopu atsopano amene bungwe lina linapereka ali m'kabati yokhoma, ena asanachotsedwe n'komwe m'mapulasitiki. Ankati ambululu aswa magalasi ake, ndipo eni mphatso akadzabwera adzapeze zonse zili bwinobwino.

Amene anatiphunzitsa kugwira maikulosikopu anali a Fachi, bambo wa ku Chikwawa amene ankasamala labu. Analibe digiri, koma m'manja mwawo munali ntchito. Loweruka m'mawa a Lolemba ankakhala kumsonkhano wa akulu a mpingo, ndiye a Fachi ankatsegula kabati ija, n'kutiitana asanuasanu. Kumeneko ndi kumene ndinaonera koyamba kachilombo kakusambira m'dontho la madzi a m'ngalande ya ku Chilobwe, ndipo ndinakuwa ngati mwana. Zinatheka miyezi ingapo. Loweruka lina msonkhano wa kutchalitchi unalephereka, a Lolemba n'kutulukira pakhomo la labu.

Sanakalipe. Anayenda pang'onopang'ono, n'kuzimitsa magetsi a makinawo amodziamodzi.

"A Fachi, mkulu wa dipatimenti ino ndi ndani?"

"Ndi inu, bwana."

"Nanga inu ndinu ndani?"

"Ndine wosamala labu, bwana. Koma makinawa akangokhala amachita nkhungu m'magalasi. Ndi bwino ana aziwagwiritsa ntchito."

"Nkhungu ndi yanga. Bweretsani makiyi."

A Fachi, munthu wa imvi, anamasula makiyi palamba pamaso pathu n'kuwapereka ndi manja awiri. Kuyambira tsiku limenelo, akafuna ngakhale botolo la mankhwala ankayamba akagogoda ku ofesi ngati ife. Anthu awiriwa anagwira ntchito khoma limodzi zaka zina zambiri, akulankhulana kudzera m'timapepala.

Kumaliro ndinapita, sindibisa. Ndinkafuna kumva kuti anena chiyani. Tchalitchi chinadzaza, amvano atavala zoyera, magalimoto mpaka kumsewu. Woimira koleji anaima n'kunena kuti malemuwa anatsegulira ana ambiri zitseko. Ndinayang'ana a Fachi amene anakhala benchi ya kutsogolo kwanga. Anali ataweramitsa mutu, akupukuta magalasi awo ndi mpango, ndipo anawapukuta mpaka munthuyo anakhala pansi. Kenako mbusa anafotokoza nkhani imene tonse tinkaidziwa, ya mmene a Dokotala anapitira kunja kukaphunzira ali mnyamata.

Nkhani imeneyo a Lolemba ankaiuza kalasi iliyonse ya chaka choyamba. Ankati anali mwana wa munthu wosauka, fomu yake ya maphunziro akunja inatsala tsiku limodzi kuti itsekedwe, ndipo mphunzitsi wawo wina anaisayina pompo, n'kukwera njinga mvula ikugwa kukaiponya yekha ku positi ofesi. Akafika pa mvulapo mawu ankawanjenjemera. Ife tinkayembekeza kuti anena kuti nawonso adzatichitira chimodzimodzi. Koma phunziro limene ankatolapo linali lina: ankati mphunzitsi uja anavutika chotero chifukwa anaona kuti mwanayo si wamba, ndipo ana otere masiku ano sabadwanso.

Mmodzi anabadwa, ndipo anali m'kalasi mwathu. Dzina lake Esnati, wa ku Nsanje, ankakhala ndi azakhali ake ku Chilobwe. Sankalankhula zambiri. Anakulira m'mbali mwa madambo kumene ana ambiri amakodza magazi n'kumaona ngati ndi mmene munthu amakulira, ndipo anabwera ku koleji akudziwa kale chimene akufuna: kuphunzira za likodzo ndi nkhono zimene zimalisunga. Pochokera kutchuthi ankabwera ndi zigoba za nkhono m'mabotolo a mafuta odzola, atazilemba malo amene anazitola. A Fachi ankamutcha mwana wakwathu.

M'chaka chachitatu a Lolemba anabwera m'kalasi ndi botolo la nkhono, n'kutulutsamo imodzi. Anaikweza m'mwamba natiuza kuti tiiyang'anitsitse, chifukwa imeneyi ndi imene imasunga tizilombo ta likodzo la m'chikhodzodzo. Botolo linayenda mzere ndi mzere. Litafika kwa Esnati linaima. Anatulutsa nkhono imodzi, n'kuitembenuza pachikhatho, kenako anakweza dzanja.

"Pepani a Dokotala, mwina mapepala a pamabotolo anasinthana. Nkhono ya likodzo mukaiimika nsonga m'mwamba, khomo la chigoba limakhala kumanzere. Iyi khomo lili kumanja. Iyi ndi ija ya nyongolotsi za m'chiwindi cha ng'ombe."

Analankhula motsitsa, ngati akupepesa. Anawapatsanso pothawira, poti anati mapepala ndi amene anasinthana. Munthu wina aliyense akanaseka n'kunena kuti mwana iwe uli ndi maso. A Lolemba anatenga nkhonoyo, n'kuiyang'ana, ndipo tonse tinaona pankhope pawo kuti aona zimene Esnati ananena. Anaibweza m'botolo, n'kutseka chivindikiro mwamphamvu.

"Zikomo kwambiri, a Pulofesa a ku Nsanje. Tipitirize."

Dzina limenelo analisunga. Pomuitana m'kalasi, pobweza mapepala a mayeso, pokumana naye m'khonde, anali a Pulofesa a ku Nsanje. Malikisi sankamudula, chifukwa paja anali munthu wachilungamo. Anangodikira.

Chaka chomaliza chili pakati, bungwe lina lofufuza za matenda a m'madzi linalengeza kuti likufuna wophunzira mmodzi wa bayoloje woti akagwire nawo ntchito kuchigwa cha Shire kwa chaka, kenako limutumize kunja kukachita digiri yachiwiri. A Fachi ndi amene anaona chilengezocho m'nyuzi n'kumudulira Esnati. Zimene bungwelo linkafuna zinali ngati likufotokoza iyeyo. Mafomu anayenera kukaperekedwa pamanja ku ofesi ya bungwelo m'tauni pofika Lachisanu lina masana, pamodzi ndi kalata ya mkulu wa dipatimenti yokhala ndi siginecha ndi chidindo. Panali masabata atatu.

Lolemba loyamba a Dokotala anamuuza Esnati kuti asiye mapepala, abwere Lolemba. Lolemba lachiwiri anamuuza kuti sanawaonebe. Lolemba lachitatu anadikira kuyambira m'mawa mpaka madzulo, a Lolemba n'kutuluka ndi chikwama chawo, kumudutsa ngati chipilala. Lachiwiri ndi Lachitatu sanabwere ku ntchito. Esnati anapita kwa wachiwiri wawo, mphunzitsi wachinyamata amene ankamukonda, koma iye anangotambasula manja: chidindo chinali m'dirowa ya a Dokotala, ndipo munthu wosayina m'malo mwawo akanayamba kufuna ntchito kwina.

Lachinayi masana Esnati anandipempha kuti ndimuperekeze ku Nyambadwe. Ankaopa kupita yekha kunyumba ya mwamuna wamkulu, anthu angamunene. Anasindikizanso mafomu ena, komanso analemba yekha kalata ija kuti a Dokotala angosayina. Tinatsika minibasi pamsewu waukulu n'kukwera mtunda wapansi, dzuwa likuswa mutu. Amayi akunyumbako ndi amene anatitsegulira geti. Anali munthu wofatsa, anatipatsa madzi ozizira, ndipo atamva chimene tabwerera anayang'ana kumbali.

Tinawapeza kuseri kwa nyumba atavala chipewa cha mlaza, akudulira maluwa ndi kasizasi. Ndi tsiku lokhalo limene ndinawaona opanda suti. Sanadwale, sanapite kulikonse. Ankadulira maluwa.

Esnati anagwada pakapinga.

"A Dokotala, pepani kuti takutsatani kunyumba. Mawa masana akutseka. Ndikungopempha dzina lanu papepalali. Chidindo ndikhoza kukadikira ku ofesi mawa m'mawa."

"Kodi a Pulofesa amagwadanso?"

"Ngati ndinalakwa tsiku lija, ndikhululukireni. Ndinali mwana."

"Tsiku liti? Ine sindisunga zinthu kukhosi."

Anaika kasizasi pansi, n'kupukuta manja, n'kulandira mapepala. Ndinkaganiza kuti zatheka. Anaitana amayi kuti awabweretsere cholembera. Anawerenga kalata ija mzere ndi mzere, osafulumira, Esnati ali chigwadire. Kenako anayamba kulemba. Anazunguliza liwu lina limene linasowa chilembo chimodzi. Anadula mzere pansi pa chiganizo china n'kulemba m'mbali kuti n'chachitali. Pamene panalembedwa kuti wophunzirayu ndi waluso kwambiri, anadula "kwambiri". Atamaliza, pepala lonse linali lofiira, kupatula malo a siginecha.

"Dzina langa silikhala pansi pa Chingerezi chotere. Mukakonze."

"Ndikonza lero lomwe, a Dokotala. Ndibwere nayo madzulo ano, kapena mawa m'mamawa?"

"Mawa ndili ndi maliro a mpingo ku Zomba. Bwerani Lolemba."

Apa ine ndinalephera kudzigwira. Ndinati, "Koma a Dokotala, Lolemba akhala atatseka." Ananditembenukira ngati akundiona koyamba, n'kundifunsa ngati ndine loya wake. Kenako anatiuza za mbululu ija ndi dzuwa, kuti mwayi suthera pamodzi, kuti mtsikanayu akadzakhwima adzawathokoza. Anatola kasizasi kawo. Amayi aja anatiperekeza mpaka pageti, ndipo potsekapo ananong'oneza Esnati kuti, "Pepa mwanawe." Anangonena zomwezo.

Esnati sanalire pamsewu. Tili pa siteji anandifunsa ngati ndikuganiza kuti a bungwe aja angalandire mafomu opanda kalata. Lachisanu m'mawa anapita kukayesa. Mayi wa pa ofesipo anamumvera chisoni, anawerenga mapepala ake n'kupukusa mutu, koma anati lamulo si lake. Malowo anatenga mnyamata wa koleji ina. Lolemba lotsatira a Lolemba analowa m'kalasi nthawi yake, n'kujambula chiwindi chokongola kwambiri.

Anthu ena amati mwina analidi ndi mfundo, mwina ankafuna kutilimbitsa. Amene amanena zimenezi sanaone nkhope yawo pamene ankadula liwu lija. Ine ndinaiona. Inali nkhope ya munthu amene akudya chinthu chokoma.

Esnati anamaliza bwino kuposa tonse. Anayesa malo ena awiri, koma kulikonse ankafuna kalata ya mkulu wa dipatimenti, ndipo iye analumbira kuti sadzagogodanso pachitseko chija. Azakhali ake atadwala anafuna ntchito iliyonse. Lero ali m'sitolo ina yogulitsa mankhwala a ziweto ndi mbewu ku Limbe, kufupi ndi depoti ya minibasi. Alimi amamukonda chifukwa amawafotokozera bwino za nyongolotsi za ng'ombe ndi mbuzi, ndipo ena amamutcha adokotala. Ali ndi banja, ana awiri, sakugona ndi njala. Sindikunena kuti moyo wake unawonongeka. Ndikunena kuti kuchigwa kuja ana akukodzabe magazi, ndipo munthu amene ankafuna kuthera moyo wake pa nkhani imeneyo akuyeza mbewu ya chimanga pa sikelo.

Nditachoka kumanda ndinadzera kusitoloko. Ndinamupeza akumangira mlimi wina katundu.

"Wamva?" ndinamufunsa.

"Ndamva. Unapita?"

"Ndinapita. Akuti anatsegulira ana ambiri zitseko."

Anaseka pang'ono, kuseka kosaonetsa mano. Anamaliza kumanga mtolo uja, n'kumuuza mlimiyo kuti mankhwalawo asawasiye padzuwa. Atachoka munthuyo anati, "Ukudziwa, ndinkaganiza kuti tsiku limeneli ndidzamva kanthu. Kukwiya kapena kupepukidwa. Koma m'mawa muja nditawerenga uthenga ndinangopitiriza kusita yunifolomu ya mwana." Kenako anawonjezera kuti, "Amayi aja okha ndi amene ndikuwaganizira. Anakhala nawo zaka zonsezo."

A Lolemba sanapume pantchito. Msinkhu utakwana ankangowawonjezera nthawi, poti ankati palibe amene wakhwima mokwanira kuti awasiyire mpando. Anagwa m'bafa m'mawa wina akukonzekera kupita ku ofesi. Ndinakumana nawo komaliza chaka chathachi m'sitolo ina m'tauni. Anandizindikira, n'kuuza munthu amene anali naye kuti uyu ndi mmodzi wa ana anga, ndinamuumba ndine. Ndinawapatsa moni ndi manja awiri monga tinaleredwera, ndipo mpaka lero ndimadzida chifukwa cha moni ameneyo.

Sabata yatha ndinapita kukoleji kukatenga mapepala anga ena, ndipo a Fachi ananditengera ku ofesi ija. Mkulu watsopano wakana kulowamo, akuti ayambe apenta, ndiye akugwirira ntchito pa tebulo la m'labu. Chitseko chinali chotsegula, atachiimika ndi njerwa. Ana a malemuwo anabwera kudzatenga mabuku ndi zithunzi, ndipo pakhoma patsala timabwalo toyera pamene panali masatifiketi, ndi misomali isanu ndi umodzi. Makatani achotsa. Sindinkadziwa kuti chipindacho chili ndi windo lalikulu chotero, loonetsa njanji ndi madenga a masitolo mpaka kuphiri. Desiki aikankhira kukhoma, mpando wawo wachikopa uli pamwamba pake miyendo m'mwamba, nsalu yapansi itang'ambika, thonje likutuluka. Mpando wa alendo mulibe, ndipo a Fachi anandikumbutsa kuti sunakhalemo n'kale lonse. Pansi m'chipinda monse polishi wofiira akuwalabe ngati wapakidwa dzulo, kupatula malo amodzi, phazi limodzi kuchokera pakhomo. Pamenepo polishi anatha kalekale, simenti inaperepeseka mpaka kuchita kadzenje kosaya, kokwana mapazi awiri a munthu woimirira.